Mutu 7: Kafoni Kanangowala Pawindo

1. Ayi wa malume

"Ndati ayi! Kapena ndichite kukutumizira pa foni yakoyo kuti umve?"

Malume anamenya tebulo la mu ofesi mpaka kapu ya tiyi inadumpha. Mulu wa makiyi umene unali m'chiuno mwawo nawo unalira.

"Koma malume, inunso mumakokomeza zinthu," anatero Chaja, maso ali pa foni, chala chikuyendabe. "Munthu akungofuna masitepe a ku laibulale basi. Ajambula kavidiyo kake fasiti fasiti, azipita. Palibe angadziwe."

"Palibe angadziwe? Nanga ine ndine chiyani, chipilala?"

Dzina loti Chaja anamupatsa ndi anzake kusukulu, chifukwa paliponse pamene pali soketi, mtsikanayu amapezeka pomwepo atakhala pansi. Atamaliza mayeso a fomu folo anabwera kudzakhala ndi malume ake, amene amayang'anira seminale ina yakale.

Ophunzira unsembe anasamukira kwina kalekale. Zinatsala ndi nyumba za njerwa zofiira, khonde lalitali la zipilala, belu, ndi zithunzi za anyamata ovala mikanjo zimene zinayamba kufufutika pakhoma. Kuti madenga asagwe, akuluakulu a mpingo anayamba kubwereketsa malowo. Mu holo mumachitika maukwati. M'makalasi mumachitika misonkhano ya mabungwe. M'zipinda zogona mumafikira anthu a m'bindikiro.

Chaja ndi amene anajambula malowo bwinobwino n'kuika pa intaneti, ndipo mabuking'i anachulukadi. Ichi n'chimene chimamupatsa matama. Ndiye pamene Jekete, mnyamata wa m'kalasi mwake woyimbayimba uja, anapempha kudzajambula vidiyo ya nyimbo yake, Chaja anavomera asanafunse n'komwe. Mnyamatayo amavala jekete lachikopa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo akamuseketsa Chaja, Chaja amaiwala zambiri.

"Wikendi ino kuli m'bindikiro wa chete," anatero malume. "Khala pansi. Foniyo uitembenuze, ndikufuna maso ako."

Chaja anakhala, atatupitsa masaya.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ukwati ndi ukwati. Abwera ndi zimasipika zawo, avina, aswa matambula, ife tisesa, zatha. A misonkhano nawo amabwera kudzadya ndi kudzawodzera, zatha. Koma anthu a m'bindikiro ndi ena. Ukaona munthu akuchoka kwawo kudzangokhala duu osalankhula, dziwa kuti kumene wachokerako zamukwana. Wina wafedwa. Wina banja likutha. Wina chaka chonse sanagonepo tulo tabwino. Anthu amenewa sadzera mabedi athu ayi, mabedi athu ndi achitsulo, ukatembenuka amalira ngati mbuzi. Amadzera bata. Ndiye iwe ukufuna undibweretsere woyimba pakati pa bata la eni ake?"

Kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kafoni ka mabatani, kakuda, komanga ndi labala kumbuyo. Chaja amakatchula kuti kanjerwa.

"Chachiwiri ndi aka. Anthu akalowa m'bindikiro amasiya mafoni awo m'dengu, timakhomera mu kabati. Achibale awo onse timawapatsa nambala imodzi, ya aka. Ndiye kuti aka ndi khutu la anthu onsewo. Kakalira uyankhe, kaya uli ku bafa, kaya chakudya chili m'kamwa. Nkhani ikakhala ya matenda kapena ya maliro, suthamanga, sukuwa. Umavula nsapato, kupita pamene wakhala munthuyo, kumugwira paphewa. Iye adziwa yekha. Akutsatira mpaka kuseri kwa kageti kachitsulo kaja, ndiye polankhulira pathu pamenepo."

Anakasisita kafoniko ndi chala.

"Mayi ako atadwala komaliza, kuno kunalibe kafoni. Uthenga unayenda ndi munthu wa njinga. Unandipeza ndikutchetcha kapinga, ndipo pamene ndimafika n'kuti atawafunditsa kale nsalu kumaso. Iwe unali wakhanda, sukudziwa. Ndine ndinawachonderera Bambo oyang'anira malo ano kuti tigule aka. Usadzakaseweretse."

Nkhani imeneyi Chaja anali ataimva kambirimbiri, moti amadziwa ndi pamene malume apumire.

"Ndamva, malume."

Koma pansi pa tebulo chala chinali chitalemba kale: "Mdala wakana. Koma dikira tione."

2. Dengu la mafoni

Lachisanu madzulo anthu a m'bindikiro anayamba kufika, aliyense ndi kachikwama kake. Chaja anaima pakhomo la ofesi ndi dengu. Ena amaponyamo foni ngati akutula mtolo. Bambo wina anaika yake, n'kuitenganso, n'kuiyang'ana, n'kuikanso.

"Iwe kusunga mafoni a anthu? Koma dziko latembenuka."

Chaja anatukula maso. Anali Madamu a masamu, amene anamuphunzitsa ali fomu wani. Koma iii, anali ataonda. Diresi limangolendewera m'mapewa, maso atalowa m'kati.

"Madamu! Muli bwanji?"

"Ndili bwino pang'ono, kaya iwe. Paja ine ndinakulanda mafoni angati?"

"Awiri okha, Madamu. Inayo inali ya mnzanga."

Madamu anaseka, koma kuseka kwake kotopa. Anamukokera pambali n'kutsitsa mawu.

"Abambo akunyumba adwala nthawi yaitali, mwana wanga. Ndakhala ndikugona pansi m'chipatala mpaka msana wanga waiwala matiresi. Sabata ino apezako bwino, akudya okha, ayambanso kukangana ndi wailesi. Ndi iwowo andithamangitsa. Akuti, pita ukapume mayi, nkhope yakoyo ikundidwalitsa." Anasekanso pang'ono. "Alamu anga atsala nawo. Ndawapatsa nambala ya pano."

Chaja analemba nambala yawo m'buku. Madamu anaika foni yawo m'dengu, koma dzanja linachedwa kuchokamo.

"Kakalira kafoni kanuko, usaope kundisokoneza. Ngakhale ndili pa maondo, udzandigwire paphewa."

"Musadandaule, Madamu. Ine ndi foni sitisiyana, mukudziwa kale."

"Pamenepo pokha ndikukukhulupirira," anatero Madamu.

Belu linalira. Anthu analowa pa kageti kachitsulo mmodzimmodzi, ndipo kuyambira pamenepo seminale yonse inangoti zii. Zimamveka ndi nkhunda za padenga basi.

3. Pampu yafa

Loweruka m'mawa mipopi inayamba kutsokomola, kenako inauma. Amayi ophika anabwera ku ofesi manja ali m'chiuno.

"Achimwene, ndiphike ndi malovu?"

Malume anapita kukaona pampu, anabwerako manja ali bii ndi girizi, kachitsulo kothyoka kali m'manja. Kameneko kamapezeka m'tauni mokha, ndipo tauni sinali pafupi.

Anavala chipewa, anaima pakhomo, n'kumuyang'ana Chaja nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kafoni kaja.

"Ndikanakatenga, koma ndikakhala ndili m'tauni ndimugwira ndani paphewa? Gwira. Ukhale mu ofesi muno."

"Shuwa, malume."

"Za woyimba uja tinamaliza."

"Tinamaliza."

Malume asanafike n'komwe pa msewu, foni ya Chaja inanjenjemera. Jekete. "Mdala ndamuona akutuluka. Ndili kuseri kwa mpanda, ku bwalo la mpira lakale. Pulizi, bwana wanga."

Chaja anayang'ana kanjerwa pa tebulo. Kanali duu. Anayang'ana pakhonde, kunalibe munthu. Laibulale inali kumapeto kwenikweni, kutali ndi katchalitchi, makoma ake okhuthala ngati a ndende. Ndani angamve? Ndipo kafoniko si akatenga?

Anatenga kiyi wa laibulale pa msomali, kafoni m'thumba la siketi, ulendo.

4. M'laibulale

"Eee! Aise, malo awa ndi filimu yokhayokha!" anakuwa Jekete atangolowa.

"Tsitsa mawu, iwe! Ukufuna undiphetse?"

Munali fungo la mabuku akale ndi fumbi. Masitepe athabwa amakwera mokhota, ndipo pamwamba pake panali windo la magalasi amitundumitundu. Dzuwa likadutsamo, pansi pamagwa zofiira, zobiriwira ndi zachikasu. Jekete anayesa mawu pang'ono, mawuwo anazungulira m'mwamba n'kubwerera atakoma kuposa mwini wake.

"Wamva? Apa sindikufunanso situdiyo. Ndiimba laivu. Iwe gwira foni yanga, usagwedeze."

Anayamba bwino. Ali pakati pa nyimbo, kanjerwa kanalira m'thumba, phokoso lake ngati wotchi ya m'boma. Chaja anayankha msangamsanga. Anali bambo wina wofuna kuchititsa ukwati wa mwana wake.

"Mu holo mwanumo mowa mumaloleza?"

"Ayi bambo, ndi malo a mpingo."

"Nanga tikathira m'mabotolo a zakumwa za ana?"

"Ayinso, bambo."

Anayambiranso nyimbo. Pamene Jekete amakweza mawu, maso atatsinzina, dzanja lili pamtima, kafoni kanaliranso. Bambo yemwe uja. Amafunsa ngati mipando ili ndi zotsamira, chifukwa apongozi awo ali ndi vuto la msana.

"Asa!" Jekete anavula jekete n'kuliponya pansi, chinthu chimene Chaja anali asanachionepo. "Kanjerwa kakoka kandiphera nyimbo kawiri. Kazimitse!"

"Sindingazimitse. Malume anati kakalira ndiyankhe."

"Malume, malume. Ali pano malumewo? Chabwino, usazimitse. Ingoika pa sailenti, ukaike pawindo apo. Kakawala ukaona. Vuto lili pati?"

Chaja anakagwira kafoniko. Anakumbukira dzanja la Madamu likuchedwa m'dengu muja. Koma Madamu si ananena okha kuti abambo apezako bwino, akukangana ndi wailesi? Ndipo tsiku lonse amene waimba ndi bambo wa mowa yekha.

"Kanthawi kochepa basi," anatero.

Anadina batani. Anakaika pawindo la m'munsi, nkhope kumwamba, kuti azikaona.

Poyamba amakayang'anadi. Akajambula pang'ono, diso pawindo. Kenako Jekete anaonera zimene ajambula n'kupukusa mutu.

"Ikusowa kanthu. Ikusowa mkazi. Iwe utsike masitepewa pang'onopang'ono, ine ndikuimbire ndili pansi."

"Ine? Ndi siketi iyi?"

"Iwe ndiwe sitala, sukudziwa chabe."

Anasanja mabuku akuluakulu a Chilatini pa tebulo, n'kutsamiritsapo foni kuti izijambula yokha. Chaja anakonza tsitsi, anakwera, anatsika. Anaseka pakati, anabwereza. Anapunthwa, anabwereza. Jekete anati kuwala kwasuntha, asinthe poima. Anabwerezanso. Nthawi yonseyi windo lija linali kumbuyo kwake.

Pamene Jekete amati "Yatheka!", zofiira ndi zobiriwira zija zinali zitachoka pansi, zitakwera khoma. Anatola jekete lake, anamutsina Chaja patsaya, n'kudumpha mpanda akuimba likhweru.

Chaja anakhoma chitseko. Atayenda pang'ono anagwira m'thumba, munalibe kanthu. Anabwerera akuthamanga.

Kafoni kanali pomwe paja. Anakadina. Pagalasi panali mzera wa mafoni osayankhidwa, nambala imodzi yokhayokha. Anatsitsa, yomweyo. Anatsitsanso, yomweyo. Sinali ya bambo wa mowa.

Anadina pa nambala ija. Anaimba.

"Mwayankha tsopano?" Anali mawu a mayi, osasa ngati a munthu amene walira nthawi yaitali. Kumbuyo kumamveka anthu ena akulira. "Ndi ku seminale? Anthu inu mulipo?"

"Eya mayi, pepani, ine ndi..."

"Ndine mlamu wawo wa aphunzitsi. Musavutikenso. Achimwene atisiya. Galimoto inanyamuka atangotisiya, kudzatenga aphunzitsiwo, poti simumayankha."

Foni inaduka.

5. Paphewa

Chaja anavula nsapato pa kageti kachitsulo. Simenti ya pakhonde inali yozizira. Anadutsa zipilala, anadutsa zithunzi za anyamata a mikanjo, anadutsa bambo wina atakhala pa benchi akungoyang'ana nyerere. Palibe anamufunsa kanthu. Amene anaona mapazi ake opanda nsapato anaweramitsa mutu, aliyense akudikira kuona ngati aima pa iye.

Madamu anawapeza m'katchalitchi, pa benchi yakumbuyo. Sanali kupemphera. Anali m'tulo, mutu atatsamiritsa pakhoma, kukamwa kutatseguka pang'ono ngati mwana. Makwinya a pachipumi aja anali atafafanika. Kaya ndi liti pamene anagonapo chonchi.

Chaja anaima pambali pawo. Anatambasula dzanja, analibweza. Analitambasulanso.

Anawagwira paphewa.

Madamu anatsegula maso. Anayang'ana nkhope ya Chaja, kenako mapazi ake. Sanafunse. Anadzuka, anagwada pang'ono kuyang'ana kuguwa, n'kumutsatira.

Atangodutsa kageti anamugwira mkono.

"Ndi abambo?"

Chaja anagwedeza mutu kuvomera.

"Zabwereranso? Amatero, kenako amatsitsimuka. Akangondiona amakhazikika." Amalankhula uku akumanga bwino mpango kumutu. "Wachita bwino kufulumira, mwana wanga. Mulungu akudalitse. Ndithamange ndikawapeze."

Chaja anatsegula pakamwa kuti awauze. Asanalankhule, galimoto inalowa pa geti lalikulu ndi fumbi. Munatuluka bambo wamtali, mchimwene wawo wa Madamu. Anayenda pang'ono n'kuima. Kenako anavula chipewa.

Madamu anachiyang'ana chipewacho. Anakhala pansi pomwepo, pa dothi.

"Ayi, achimwene. Ayi. Dzulo amadya okha."

Bamboyo anagwada n'kuwagwira manja.

"Zinasintha mwadzidzidzi, chemwali. Tinayamba kuimba foni kuno dzuwa lili pamutu. Amangoti, ndiitanireni mayi, ndiitanireni mayi. Ife kuimba, osayankhidwa. Kuimba, osayankhidwa. Tinkawanamiza kuti muli m'njira. Ndipo mukanatha kuwapeza, nthawi inalipo. Atatopa anati, musiyeni, mwina wagona, watopa mkazi wanga. Sanalankhulenso."

Kulira kwa Madamu kunalowa pa kageti, kunayenda khonde lonse. Zitseko zinayamba kutseguka. Amayi ophika anatuluka ndi chikombe m'manja.

Patapita kanthawi Madamu anatukula mutu. Anamufunafuna Chaja ndi maso mpaka anamupeza atatsamira khoma.

"Dzuwa lili pamutu?" anafunsa motsitsa. "Kafoni kanali kuti, mwana wanga?"

Pamenepa Chaja akanatha kunena zoona. Anthu onse amamudikira.

"Ndi netiweki, Madamu. Kuno imavutavuta. Sikanalire."

Madamu anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'khosi.

"Ukuyang'ana zala zakumapazi," anatero. "Unkatero uli fomu wani."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Kanditengere foni yanga."

Chaja anathamanga kukatsegula kabati. Pobwera anapereka ndi manja awiri. Madamu analandira osamuyang'ana, achimwene awo anawadzutsa, ndipo galimoto inatuluka.

Bambo wa nyerere uja anali woyamba kufika pa ofesi.

"Mtsikana, ndipatse yanga. Kwathu ndasiya mwana wodwala mphumu."

Kenako mayi wina. Kenako wina. Posakhalitsa dengu linali lopanda kanthu, ndipo khonde lonse linadzaza ndi anthu akuyendayenda, foni kukhutu. "Halo? Muli bwanji kumeneko? Ayi, ndimangofuna kumva." M'bindikiro unathera pomwepo.

6. Makiyi pa tebulo

Malume anafika dzuwa litapendeka, kachitsulo katsopano kali m'pepala. Anamva phokoso ali pa geti. Amayi ophika anawakokera ku khitchini, ndipo atatuluka kumeneko sanabwere ku ofesi. Analunjika ku nyumba ya Bambo.

Chaja anakhala yekha mu ofesi, kanjerwa kali pa tebulo, dengu lili pansi. Foni yake imanjenjemera m'thumba kosalekeza, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analibe mtima woiyang'ana.

Chitseko chinatseguka. Malume analowa pang'onopang'ono ngati nkhalamba. M'manja munali foni ya amayi ophika.

"Akuti unanena kuti ndi netiweki."

"Eya, malume. Nthawi zina imatha..."

"Ona ichi. Amayi ophika awatumizira ndi mwana wawo."

Anaika foniyo patsogolo pake. Jekete sanadikire n'komwe kuti kuche. Vidiyo inali kale pa intaneti, atalembapo ndi dzina la seminale. Chaja anadziona akutsika masitepe, akumwetulira, zofiira ndi zobiriwira zikumugwera pankhope. Inali yokongola kwambiri. Ndipo kumbuyo kwake, pawindo, kanthu kakang'ono kamawala. Kuzima. Kuwalanso. Kuzima. Kuwalanso, mpaka nyimbo kutha.

M'munsi wina anali atalemba: "Nyimbo ndi ya bho, koma yankhani kaye foniyo, abale." Anthu anaikapo tinkhope toseka.

Chaja anagwira pakamwa.

Malume sanamenye tebulo ulendo uno. Anakhala pa mpando n'kuvula chipewa.

"Ndakhala pa malo ano kuyambira anyamata a pazithunzi aja akadali ndi tsitsi. Denga ladontha, ndakwera. Akuba abwera, ndawathamangitsa. Aukwati aswa mawindo, ndaika ena. Zonsezo zimakonzeka, mwana wa mlongo wanga. Pampu iyi mawa ndiikonza, madzi atuluka. Koma tandiuza, masana a lero ndikawagula sitolo iti kuti ndikawabwezere mayi aja? Munthu wasamala mwamuna wake nthawi yonseyi, kumusambitsa, kumutembenuza, kumudyetsa. Wachoka kamodzi kokha, mochita kukankhidwa. Moyo wake wonse azidzati, ndikanapanda kupita. Ndipo anapita chifukwa ife tinamuuza kuti siyani foni, khutu lanu ndife. Sunabe kanthu. Sunamenye munthu. Unangodina kabatani kamodzi n'kutembenuka. Zinthu zambiri zoopsa zimachitika choncho, munthu akuseka."

Anamasula lamba n'kusolola mulu wa makiyi uja. Anauika pa tebulo. Chaja anali asanawaonepo malume ake opanda makiyi m'chiuno. Amaoneka ochepa.

"Bambo ati Lolemba akuluakulu akhala pansi. Ndawauza kuti wolakwa ndine, chifukwa kafoni ndinakupatsa ndine. Mpaka tsikulo makiyi akhala kwa iwo."

"Ayi malume, ndikawauza kuti ndine! Ndipita pompano. Pepani, malume. Pepani, chonde."

"Ukupepesa ine? Ine sindinafedwe lero."

"Ndiye nditani?"

"Kumaliro tipita tonse. Ukawauza mayi aja ndi pakamwa pako, ukuwayang'ana m'maso, osati zolemba pa foni. Za netiwekizo uzisiye muno."

Chaja anayamba kulira, kulira kwenikweni, mamina ndi misozi. Malume sanamutonthoze. Anatola makiyi, anavala chipewa.

Pomwepo kanjerwa kanalira.

Phokoso lake linadzaza ofesi yonse. Kamanjenjemera pa tebulo, kakusuntha pang'onopang'ono kulowera kumene kunali Chaja. Anasuzumira pagalasi. Sinali nambala ya alamu ija, sinalinso ya bambo wa mowa. Inali nambala imene anailemba yekha dzulo, pamene mwini wake amaika foni m'dengu.

"Malume," ananong'ona, "ndi Madamu."

Anakakankhira kafoniko kwa malume ake ndi nsonga za zala. Malume anakayang'ana, anamuyang'ana iye.

"Yankha."

Anatuluka n'kutseka chitseko.